Dzira la shaki lisagulitsidwe kwa munthu wopanda thanki yaikulu

M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta ku America ndi ku Ulaya mumapezeka kathumba kofiirira, kolimba ngati chikopa chouma, kokwana m'dzanja. Ndi dzira la shaki. Wogula akaliunikira ndi tochi amaona kamwana kakugwedeza mchira mkati, mtima n'kudumpha, dzanja n'kupita m'thumba. Kunyumba amakaliika m'thanki yagalasi momwe nthawi zina mumakhala muli kale mkunga wa m'nyanja yamchere. Malonda amenewa akufunika malire.

Mazira ambiri otere ndi a shaki yotchedwa brownbanded bamboo shark, ya m'matanthwe a m'nyanja kuyambira ku Japan mpaka kumpoto kwa Australia. Dzira limatenga pafupifupi miyezi inayi kuti liswe, ndipo kamwana kamatuluka kamizeremizere, kotalika masentimita 15 kapena kuposa pang'ono. Koma kamakula mpaka kufika mita imodzi, ndipo kakasamalidwa kamakhala zaka zoposa 20. Akatswiri oweta amati thanki ya malita 700 ndi poyambira chabe. Chofunika kwambiri ndi kutambalala kwa pansi, chifukwa shakiyi imakhalira kukwawa pamchenga, ndipo mchengawo uyenera kukhala wofewa kuti isasupuke pamimba.

Chamoyo cha m'kathumbaka chimamva zochitika kunja chisanabadwe n'komwe. Mu 2013 Ryan Kempster ndi anzake a pa University of Western Australia anaonetsa kuti kamwana ka shakiyi, kakamva mphamvu yamagetsi yonga yotuluka m'thupi la chilombo, kamasiya kupuma n'kukhala chete m'dzira kwa kanthawi. Nyama yomva chonchi imavutika ikakhala pafupi ndi pampu kapena hita yotaya magetsi m'madzi. Mankhwala a kopa, amene amachiza matenda a nsomba zina, kwa shaki ndi poizoni.

Nanga mkunga uja? Oweta amakonda wotchedwa snowflake moray, wamawanga oyera, akuda ndi achikasu. Amati ndi wofatsa, popeza mano ake ndi obuntha, oswera nkhanu. Pamenepo sakunama. Vuto limabwera nthawi ya chakudya. Mkunga suona bwino, umasaka ndi fungo, ndipo fungo likafika umatuluka m'phanga n'kuluma chilichonse chili pafupi. Mu 2007 Rita Mehta ndi Peter Wainwright a pa University of California, Davis, anapeza kuti mikunga ya gulu la moray ili ndi nsagwada zachiwiri kummero, zimene zimathamangira m'kamwa kudzakokera chakudya mkati. Kamwana ka shaki kongoswedwa kumene kamatha masiku kakukana kudya, ndipo kamafuna kupatsidwa tizidutswa ta shirimpu kapena sikwidi pakamtengo, modekha, nyali zitazima. Pambali pa mkunga wanjala sikapeza mpata umenewo.

Ziwirizi zikhoza kukhalira limodzi shaki ikakula, m'thanki yotakata, yamapanga okwanira ndi chivindikiro cholimba, pakuti mkunga umathawira pakabowo kalikonse. Zonse ndi zodya nyama, choncho zimadetsa madzi msanga ndipo zimafuna zosefera zamphamvu zosazima usana ndi usiku.

Amalawi odziwa kuweta mbuna za m'nyanja ya Malawi asaganize kuti ntchitoyi ndi imodzimodzi. Madzi amchere amachita kusakaniza, magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 25 a mchere wapadera pongodzaza thanki ya malita 700 koyamba. Magetsi akazima kwa maola angapo popanda jenereta, mpweya m'madzi umatha.

Cholakwa chachikulu chili kwa ogulitsa, amene amadziwa kukula kwa shakiyi koma amalandira ndalama osafunsa kuti ikakhala kuti. Wogula amadzilimbitsa mtima kuti adzagula thanki yaikulu m'tsogolo, kapena kuti adzakapereka shaki kumalo oonetsera nsomba. Malo ambiri otere amakana nsomba zokulira eni ake, chifukwa alibe malo ndiponso amaopa matenda. Kukaitaya m'nyanja yachilendo n'koletsedwa m'maiko ambiri. Wogulitsa azipempha kuona chithunzi cha thanki ndi miyeso yake, ndipo ngati m'thankimo muli kale mkunga, azifunsanso za thanki ina yolerera kamwanako mpaka katayamba kudya kokha.