Masiki ya ababa imacha ili pachipumi

Kwathu ku Kapondo mkonono wa ababa unali wotchuka. Tili ana timagona chipinda cha kuseri, pakati pali khoma la njerwa, komabe timawamva bwinobwino. Amayamba pang'onopang'ono, kenako mkokomo ngati chigayo, kenako zii. Chete ameneyu ndiye amatiseketsa kwambiri, chifukwa timadziwa kuti posakhalitsa adzidzimuka ngati munthu wotsamwa nsima, n'kuyambiranso. Ine ndi achimwene timachita kupikisana kuwerenga kuti afika masekondi angati. Sitimadziwa kuti tikuwerenga nthawi imene bambo athu sakupuma.

Chaka chatha, akuchokera kogulitsa mtedza panjinga yamoto, ababa anasinza ali pamsewu n'kukagwera m'munda wa eni. Mwamwayi anangosupuka mkono ndi bondo. Koma ngozi imeneyi inatikumbutsa zinthu zimene timaziona tsiku ndi tsiku osaziganizira: kugona pakati pa nkhani, mutu wa m'mawa uliwonse, kukwiya msanga, ndi bipi yosatsika ngakhale amamwa mankhwala osadumphitsa. Achimwene, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anawatumizira ya basi. Kumeneko anakagona usiku umodzi kuchipatala atawamata timawaya pathupi, ndipo m'mawa mwake anauzidwa kuti ali ndi matenda obanika kutulo, amene madokotala amati obstructive sleep apnea.

Zimachitika motere. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imamasuka. Kwa ena imamasuka mpaka lilime ndi mnofu wofewa wa kumapeto kwa m'kamwa kutsekereza njira ya mpweya. Mkonono ndi phokoso la mpweya ukudutsa mopanikizika pamenepo, ndipo chete uja ndi pamene njira yatsekeratu. Mpweya wabwino m'magazi umatsika, ubongo n'kumudzidzimutsa munthuyo kuti apume, iye osakumbuka kanthu kukacha. Madokotala amawerenga kangati pa ola kupuma kwaima kapena kwachepa kwambiri kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Ka 5 mpaka 14 ndi matenda ochepa, 15 mpaka 29 ndi apakati, kuyambira 30 ndi aakulu. Ababa anali m'gulu lomalizali. Thupi lovutika chonchi usiku uliwonse limakhala pachiopsezo cha bipi, sitiroko, matenda a mtima ndi shuga. Ndipo si matenda a azungu ayi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 pa dziko lonse ali nawo.

Ababa anabwerako ndi makina otchedwa CPAP. Makinawa sapereka okisijeni ngati wa m'masilinda a kuchipatala. Amangokoka mpweya wa m'chipinda momwemo n'kuukankhira m'paipi mpaka pamphuno, kuti khosi likhale lotseguka monga chubu cha njinga chikapopedwa. Anayambitsa njirayi ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1981. Amene munadikirirapo khanda lobadwa masiku osakwana mwina munamvapo za Pumani, makina othandiza makanda kupuma amene anakonzedwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Nzeru yake ndi yomweyo.

Tinaganiza kuti nkhani yatha. Koma mu Juni amayi anandiimbira foni. “Mwanawe, chinthu chija achisiya. Chili pamwamba pa wadiropu, ndachivindikira chitenje kuopa fumbi.”

Nditafika kumudzi ndinawafunsa ababa chifukwa chake. Anandiyankha osandiyang'ana. “Ndimagona nayo pamphuno, kukacha ili pachipumi. Tsiku lina ili pansi pa bedi, ikupemerera mphemvu. Ndiye batire lizithera zimenezo?”

Ndinaseka, koma amayi sanaseke. Iwo ndi amene amakhala maso usiku kuwagwedeza akasiya kupuma, ndipo anali atayamba kugona pabalaza chifukwa chotopa. Achimwene anali atatenga ngongole kuntchito kuti agule makinawo. Komanso njinga ija ababa anali atayambiranso kukwera.

Vuto linali lakuti ine, mwana wamkazi wamkulu kale, sindingalowe kuchipinda kwa makolo anga, ngakhalenso kumawagwiragwira ababa kumaso. Ndiye tinagawana ntchito. Tinayala mphasa pabalaza masana, ababa anagona pamenepo ndi pilo wawo weniweni, amayi anagwada kumutu kwawo, ine ndinakhala chapatali ndi foni ndi kabuku ka makinawo kumawauza chochita. Zimene tinapeza masiku amenewo ndi zimene ndikufuna ndikugawireni.

Choyamba chinandiopsa. Pamasiki pamakhala timabowo ting'onoting'ono potulukira mpweya, ndipo ababa anali atatimata ndi selotepi poganiza kuti masiki yabooka. Timabowo timeneti anatiika dala kuti mpweya woipa umene munthu watulutsa uzitulukira pamenepo. Mukatitseka, munthu amapumanso mpweya wake womwewo. Selotepi ija tinaimatula nthawi yomweyo.

Chachiwiri chinali malamba. Poona kuti masiki ikusuntha, ababa amakoka malamba mpaka pamwamba pa mphuno panachita bala. Eti kumangitsa ndiye kumawonjezera vuto. Labala wofewa amene amakhudza nkhope anapangidwa kuti azifufuma ndi mpweya wa makinawo n'kumata pakhungu yekha. Mukamufinya amapindika, mpweya n'kumathawira m'mbali, ena kumapita m'maso. Munthu ali m'tulo amangomva chinthu chikumusowetsa mtendere, dzanja n'kuchikankha. Njira yake ndi iyi: masulani malamba, munthu agone monga amagonera usiku, yatsani makina, tukulani masiki pang'ono kuti labala adzadze mpweya, kenako muibwezeretse pankhope. Mukatero kokani malamba pang'onopang'ono, mbali zonse mofanana, mpaka mpweya usiye kuthawa. Chala chizitha kulowa pansi pa lamba mosavuta. Mukayesa masiki muli khale pampando mwadzinamiza, chifukwa nkhope imasintha munthu akagona.

Chachitatu chinali mafuta. Mwezi wa Juni ku Mchinji kumazizira, khungu limauma, ndipo ababa akasamba madzulo amadzola mafuta okhuthala aja tonse timawadziwa, nkhope mpaka kuchita phuliphuli. Labala pamafuta amaterereka, komanso mafutawo amamuwononga msanga. Tinagwirizana kuti azidzola m'mawa, madzulo azisukusula ndi sopo n'kupukuta bwino asanavale. Labalayo nayenso amafunika kutsuka tsiku lililonse ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, n'kumuumitsa pamthunzi. Mankhwala oyeretsera zovala asayandikire.

Chachinayi chinali paipi. Makina amakhala pakampando kunja kwa neti, paipi imadutsa pansi pa neti imene amayi amaipisa kunsi kwa matilesi. Ababa akatembenuka, paipi imakanirira pamenepo n'kukoka masiki. Apa nzeru inachokera kwa amayi, osati pa intaneti. Anang'amba kansalu ka chitenje chakale, anakamangirira kumutu kwa bedi mkati mwa neti, n'kukolekapo paipi kuti izitsikira kuchokera pamwamba ili ndi mpata wosewera. Masiki zina zamakono paipi yake imalumikizidwa pamwamba pa mutu pa chifukwa chomwechi, koma kansalu kaja sitinakagule.

Titakonza zonsezi masiki inayamba kufika pakati pa usiku. Koma ababa amadzukabe kukamwa kuli gwa, kouma. Amayi atawayang'anitsitsa anapeza kuti akagona kukamwa kumatseguka. Mphuno zawo zimatsekeka ndi fumbi la mtedza ndi utsi, ndiye mpweya umene makina amalowetsa pamphuno umangotulukira pakamwa. Apa mpamene ndinadziwa kuti nkhani yaikulu ndi kusankha mtundu woyenera.

Mitundu yake ikuluikulu ndi itatu. Pali ya timapilo tiwiri tokhala pa mabowo a mphuno. Ndi yopepuka, imawayenera ogona chammbali, a ndevu ndi amene amachita mantha akaphimbidwa nkhope, koma mpweya ukakhala wamphamvu ena imawapweteka m'mphuno. Pali yophimba mphuno yonse, imene ababa anali nayo. Ziwirizi zimafuna munthu wogona atatseka pakamwa, kapena avale lamba wogwira chibwano. Yachitatu imaphimba mphuno ndi pakamwa pomwe. Ndi yaikulu, imavuta kumata pa ndevu ndipo pilo amaikankha mosavuta, koma kwa munthu wopumira mkamwa ndi imene imathandiza. Choncho musanagule dzifunseni zinthu zinayi: munthuyo amapumira pati akagona, amagona chagada kapena chammbali, ali ndi ndevu kapena ayi, ndipo dokotala anaika mpweya wamphamvu bwanji. Makina ambiri amayambira pa 4 kulekeza pa 20. Nambala imeneyi si yosintha nokha.

Lamba wa chibwano tinayesa wosoka tokha, ababa anamukana kuti akuoneka ngati maliro. Achimwene atafunsa kwa amene anawapima, anatilangiza yophimba mphuno ndi pakamwa. Saizi sitinachite kulota. Makampani monga ResMed, Philips ndi Fisher & Paykel ali ndi timapepala toyezera nkhope timene mungapeze pa intaneti. Ndinakasindikiza kamodzi, ndinatsimikiza ndi lula kuti sikanachepe posindikiza, amayi n'kuyeza kuchokera pamwamba pa mphuno, pakati pa maso, kufika pansi pa mlomo wam'munsi. Ababa, ndi thupi lawo lonse lija, anapezeka kuti ndi a saizi yapakati. Kukula kwa thupi sikunena za kukula kwa nkhope. Masikiyo inabwera ndi munthu wa basi patatha masabata atatu, ndipo ndevu anavomera kumeta atanyinyirika tsiku lathunthu. Pogona chammbali anaphunzira kuika tsaya kumphepete kwa pilo kuti masiki izilendewera panja.

Pali zina zoti mudziwe ngati kwanu magetsi ndi a sola ngati kwathu, kapena amazimazima. Masiki yophimba pakamwa imakhala ndi kachitseko kakang'ono kamene kamatseguka kokha makina akazima kuti munthu apume mpweya wa panja. Onetsetsani kuti kakugwira ntchito. Mbali ya makina imene imatenthetsa madzi ndi imene imadya batire kwambiri, ndiye masiku a mitambo ababa amaizimitsa. Masiki zina zimamangidwa ndi maginito, ndipo zimenezi si zabwino ngati wovalayo kapena amene amagona naye ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda kapena zitsulo zina zoikidwa m'thupi. Labala amatha pakapita miyezi yochepa, malamba amatamuka pakatha pafupifupi miyezi 6, ndiye potumiza kunja itanitsani ziwiriziwiri.

Chomaliza chinali kuzolowera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa sabata imodzi ababa amavala masiki masana kwa theka la ola, makina akuyenda, akumvera wailesi pakhonde la kuseri kuopa anthu odutsa. Tinatsegulanso batani limene limayambitsa mpweya pang'onopang'ono n'kumakwera munthu atagona kale.

Ndikudziwa kuti si banja lililonse lili ndi mchimwene ku Joni. Komabe muli ndi foni. Ngati kwanu kuli munthu wamkonono waukulu, wosinza masana, wabipi, wakhosi lalikulu lopitirira masentimita 40, mupempheni chilolezo wina amujambule mphindi zingapo ali mtulo. Kanemayo mupite naye kuchipatala cha boma ku Mchinji kapena chimene muli nacho pafupi, mukafotokoze kuti amasiya kupuma, osangoti amaliza mkonono. Ofunika akatswiri m'chigawo chapakati amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Podikira, kugona chammbali, kuchepetsa thupi, kusiya fodya, kupewa mowa madzulo ndi mankhwala ogonetsa kumathandiza. Munthu wosinza masana asagwire chiwongolero. Ndipo musathamangire makina ogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook munthu asanapimidwe.

Tsiku loti ndibwerere ku Lilongwe ndinadzuka m'mamawa n'kupeza mphasa ya pabalaza ili chipindire pakona. Amayi anatuluka kuchipinda akumanga duku, ndipo ndisanawapatse moni anati, “Yacha ili pamalo pake. Ine ndinadzuka kawiri kuwayang'ana, chifukwa chete ameneyu sindinamuzolowere.”

Ababa anatulukira pambuyo, timizere ta malamba tikuonekabe m'masaya. Ndinagwada kuwafunsa mmene adzukira. Anakhala kaye chete, kenako anati, “Ndalota amayi anga. Papita zaka ndisakulota.” Atatero anafunsa ngati tiyi wapsa, n'kupita kukaona mbuzi.