Mapanga awiri avumbwitsa

Abale anga, sendererani pafupi tikambirane za m'nyumba mwathu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi anayi alionse, atatu ndi Akhristu. Loweruka ndi Lamulungu matchalitchi amadzaza mpaka ena kukhala pakhonde, ndipo pamaliro pamayera ndi mayunifolomu a amayi a Mvano ndi a Chigwirizano. Zimenezi n'zoyamika. Koma ndi m'dziko lomweli mmene mu 2013 tinagwidwa manyazi ndi nkhani ya Cashgate, chuma cha boma chitabedwa ku Capital Hill pamene odwala ankasowa mankhwala. N'kovuta kukhulupirira kuti onse amene anadya ndalamazo anali osadziwa khomo la tchalitchi. Makolo athu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Matendawa ndi akale. Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 5, limasimba za Hananiya ndi mkazi wake Safira, a mumpingo woyamba wa ku Yerusalemu. Iwo anaona Barnaba atagulitsa munda wake n'kupereka ndalama zonse kwa atumwi. Nawonso anagulitsa wawo, napangana kubisako zina, koma n'kuonetsa ngati apereka zonse. Mvetsani bwino, ana anga, mlandu wawo sunali kuchepa kwa chopereka. Petro anamukumbutsa Hananiya kuti mundawo unali wake, ndipo ngakhale ataugulitsa, ndalamazo zinali m'manja mwake. Palibe amene anamukakamiza. Akanati, "Tapereka theka, theka linalo tasunga," bwenzi atapita kwawo ndi mtendere. Chimene chinawapha n'kufuna mbiri ya Barnaba alibe mtima wa Barnaba. Mwamuna anagwa pomwepo, patapita maola ngati atatu mkazi naye anabwereza bodza lomwelo, ndipo anyamata omwe anaika mwamunayo ndiwo ananyamulanso mkaziyo. Mapanga awiri avumbwitsa. Anafuna kubisala m'phanga la ndalama ndi m'phanga la ulemu nthawi imodzi, mvula n'kuwapeza pakati.

Timati mtima wa mnzako n'tsidya lina, ndipo n'zoona, chifukwa ife anthu timathera pa nkhope. Ngakhale mneneri Samueli, atafika kwa Jese ku Betelehemu kukadzoza mfumu, anakopeka ndi msinkhu wa Eliabu, pamene wosankhidwayo anali Davide, wamng'ono uja anali kubusa. Kwa Mulungu kulibe tsidya lina. Abusa mungawanamize, akulu a mpingo mungawabisire, koma Mwini wake amaona pamene diso la munthu silifika.

Tsono Chikhristu chathu chimayesedwa pati? Chimayesedwa Lolemba, pa sikelo yogulira soya ndi mtedza, pamene mlimi wosadziwa kuwerenga watembenuka kumasula thumba lina. Chimayesedwa pa ndowa yoyezera chimanga, ngati yogulira ndi yogulitsira zili zofanana. Chimayesedwa madzulo, waganyu atalima mizere yake n'kuimirira pakhomo, inu n'kumuuza kuti abwere mawa pamene ndalama zili m'thumba. Chimayesedwanso maliro akatha, pamene achibale amene anaimba mokweza pa siwa ayamba kuzula malata ndi kugawana mbuzi, mayi wamasiye ndi ana ake akuyang'ana. Munthu amene waponya ndalama zambiri pa pepa Sande kuti dzina lake limveke pa chinkuzamawu, kwinaku wantchito wa pakhomo pake wapitirira mwezi osalandira, akumbukire mayi wamasiye uja amene Yesu anamuyamika m'Kachisi chifukwa cha tindalama tiwiri. Mlandu suola, abale anga, ndipo choipa chitsata mwini.

Koma pamene pakamwa ndi mtima zagwirizana, chikhulupiriro chimakhala ndi mphamvu yogwedeza dziko. Pa 8 Marichi 1992, m'nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inanena poyera za kusowa kwa chilungamo ndi ufulu wolankhula. Masiku amenewo munthu ankatha kutsekeredwa chifukwa cha liwu limodzi. Maepiskopiwo anaopsezedwa, koma zimene ankalalikira paguwa ndi zomwezo anasainira ndi manja awo. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anaponya voti ya riferendamu nasankha ndale za zipani zambiri. Choonadi chikachokera mumtima woona sichigwa pansi.

Musamve ngati ndikuti munthu woona mtima ndi amene sanalakwepo. Petro amene anadzudzula Hananiya ndi yemwe uja anakana Ambuye wake katatu. Iye analira misozi yowawa n'kubwerera, pamene Hananiya anaumirira chinyengo mpaka kumanda. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati munadya za mwana wamasiye, pitani mukabweze monga anachitira Zakeyu wa ku Yeriko. Ngati munanamizira mnzanu pabwalo la amfumu, kamugwireni mwendo dzuwa lisanalowe. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka kuposa katundu wobisa amene mudzamusenza moyo wonse.

Inu achinyamata, musathamangire maudindo a mumpingo ndi mayina aulemu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi zazing'ono: bwezani chenji imene yapitirira, sungani lonjezo limene munapanga kopanda mboni, pempherani kuchipinda monga mmene mumapempherera pagulu. Ndipo ife akulu tidziwe kuti ana amaphunzira za Mulungu poona mmene timachitira ndi amayi awo, antchito athu ndi ngongole zathu. Akaona kuti bambo wa kutchalitchi ndi bambo wa kunyumba ndi munthu mmodzi, sadzafunika kukokedwa kuti akapembedze.