Tulo Togula pa Msika

Abale athu a ku Chitedze, Mpingu, Namitete, Nsaru ndi Kabudula, tiri ndi mlandu umene tifuna kuunena poyera. Ndiwo wa timibulu togonetsa tulo, timene ana ndi adzukulu agulira makolo ao okalamba. Agogo akadandaula kuti acezera usiku wonse, mwana athamangira ku msika, nabwera ndi Piriton kapena diazepam, amene ena amuchula Valium. Iye ayesa kuti wacita cifundo, koma ife tinena kuti cifundo cotere cipweteka mwini wace.

Sitinyoza mankhwalawa. Diazepam, amene anayamba kugulitsidwa m'caka ca 1963, apulumutsa mwana wakukomoka ndi malungo, ndipo Piriton athandiza pa cimfine ndi kuyabwa. Koma thupi la nkhalamba silifanana ndi la mnyamata. Ciwindi ndi impso, zimene zicotsa mankhwala m'mwazi, zigwira nchito pang'onopang'ono. Cotero diazepam womwa Lolemba akhoza kukhalabe m'thupi Lacinai, ndipo wa masiku otsatira aunjikana pamwamba pace.

Tsono lingalirani. Nkhalamba idzuka pakati pa usiku kunka kucimbudzi, kunja kuli mdima, mutu uli ndi cizungulire, miyendo iri lendelende. Ipunthwa, nigwa, nithyoka fupa la m'ciuno. Ndipo ambiri othyoka motero sayendanso. Coipa cina ndi ici: mankhwalawa asokoneza nzeru. Agogo aiwala maina a adzukulu, kapena asokera usiku napezeka kuseri kwa nyumba ya mnansi. M'mawa mudzi wonse uti, Taonani mfiti! Lamulo la dziko lino la 1911 liletsa kuchula munthu mfiti, koma anthu aukali sakumbuka lamulo. Kodi tidzaponya miyala munthu amene tamledzeretsa tokha?

Asing'anga a maiko ena anaziona kale izi. M'caka ca 1988 akuru oyang'anira mankhwala ku Britain analangiza kuti diazepam ndi anzace asapitirire masabata 2 kufikira 4, pakuti thupi liwazolowera. M'caka ca 1991 dotolo Mark Beers wa ku America analemba mndandanda wa mankhwala osayenera okalamba, ndipo diazepam analimo. Nanga wogulitsa pa msika, amene sadziwa zaka za wodwala, angapose iwowa?

Wina adzati, Kodi tingowasiya agogo avutike osagona? Iai. Tiyambe tafunsa cimene cawalanda tulo. Ena ndi nyamakazi, ena ndi kukodza kawirikawiri cifukwa ca matenda a shuga kapena a cikhodzodzo, ena ndi udzudzu, njala, tiyi wa madzulo, kugona usana, kapena cisoni ca maliro. Kambulu kogonetsa sikaciza cimodzi ca izi. Tidziwenso kuti tulo ta munthu wokalamba tipepuka, ndipo kudzuka kawiri usiku si nthenda ai. Tiwapatse neti ndi cofunda, nyali pafupi ndi mphasa, cakudya ca madzulo, ndi kanchito ka usana kunja kowala, monga kutong'ola cimanga. Koposa zonse ticeze nao, pakuti wosungulumwa sagona.

Koma cenjerani! Amene wamwa diazepam masabata ambiri asaleke tsiku limodzi, pakuti kuleka modzidzimutsa kubweretsa kunjenjemera, mantha, ngakhale kukomoka. Tengani agogowo pamodzi ndi mankhwala onse ali m'nyumba, mupite nao ku cipatala ca Chitedze, ca Kabudula, kapena ca St Gabriel's ku Namitete, kuti adotolo acepetse mlingo pang'onopang'ono. Masiku oyamba tulo tidzavuta, pirirani nao. Ndipo kacasu kapena mowa wa masese zisakomane ndi timibuluti, popeza pamodzi zifooketsa mpweya.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tikawagoneka ndi mankhwala kuti asatisautse, milandu ya pa mudzi adzaizima ndani? Inu akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano, pokaceza kwa okalamba funsani cimene akumwa ndi amene anawapatsa. Ndipo inu ana, ndalama ya timibulu isanduke ya ulendo wa ku cipatala.