Mphete si pemiti: asisi, tidziwe izi tisanakwere basi ya ku Joni

Kuyambira ku Chintheche, Kande, Mpamba mpaka ku Usisya, pali malangizo amene atsikana akupatsana ngati nzeru yapamwamba. Amati ukafika ku Joni masiku n'kukuthera, ungopeza mwamuna wakonko, mumange ukwati, mapepala atuluka okha. Amanena azakhali, amanena matransipota, amanenanso anzathu amene anatsogola kale. Imeneyi ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka limene sakukuuzanilo ndi limene likuliza anzathu ambiri kumeneko.

Ulendo wa ku South Africa si wachilendo kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe. Agogo athu anapita ku migodi kudzera ku Wenela, kenako TEBA, mpaka njirayo inatsekedwa mu 1988. Iwo aja ankapita ndi kontrakiti m'manja. Lero atsikana nawonso akupita, kukagwira ntchito za m'nyumba, kulera ana, kuluka tsitsi, koma alibe kontrakiti. Pasipoti ya Malawi imakupatsa masiku 30 okha ngati mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Tsiku la 31 likakupeza uli komweko, boma lawo limakuwerengera m'gulu la okhala mosaloledwa.

Chiyambire 2014, malamulo awo amati wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi. Wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Ukagwidwa usanatuluke wekha, ungatsekeredwe ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi. Ukwati sufufuta zimenezi. Ukhoza kupempha kuti chiletso chichotsedwe ngati pali chifukwa chomveka, koma ndi pempho basi, akhoza kuvomera kapena kukana.

Ngakhale kulembetsa ukwatiwo ku Home Affairs si nkhani yongolowa n'kutuluka. Amafuna pasipoti yosatha ntchito, viza yosatha masiku, ndi kalata yochokera kwanu yotsimikiza kuti sunakwatiwe kwina. Awirinu mumafunsidwanso mafunso ndi wa imigireshoni kuti aone ngati banjalo ndi lenileni. Lobola imene anapereka kwa amalume, kapena zithunzi za chinkhoswe, pazokha si mapepala. Ndiye amene masiku ake anatha kale amakakamira pa khomo loyamba lomwelo.

Tsono tinene kuti zonse zayenda bwino, unalowa mololedwa ndipo ukwati walembedwa. Chimene umalandira ndi viza ya kanthawi ya mkazi kapena mwamuna wa nzika, yofunika kukonzanso ikatha. Lamulo lawo la Immigration Act la 2002 limati viza imeneyi imagwira ntchito pokhapokha banjalo likadalipo. Chilolezo chokhalitsa umachipempha mutakhala m'banja zaka 5. Ukachilandira, banja n'kutha zaka 2 zisanakwane, chilolezocho chimatha nacho limodzi, pokhapokha ngati mwamunayo wamwalira. Werengani bwino, asisi: zaka 5 kuphatikiza 2, osawerengera nthawi yodikira yankho ku Home Affairs. Nthawi yonseyi kukhala kwako m'dzikomo kuli m'manja mwa munthu mmodzi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ngati amayi. Mwamuna amene akudziwa kuti siginecha yake ndiye moyo wako ali ndi mphamvu imene palibe munthu ayenera kukhala nayo pa mnzake. Wabwino saigwiritsa ntchito, ndipo mabanja achikondi chenicheni pakati pa Amalawi ndi a ku South Africa alipo, sitikuwanyoza. Koma wankhanza amadziwa pogwira. Amasunga pasipoti yako "kuti isasowe". Malipiro ako amalandira ndi iye. Ukati udandaule za kumenyedwa kapena za chibwenzi chake, yankho ndi limodzi: ndikakuneneza, akakubweza kwanu. Mkazi amapirira, poti kumudzi akudikira ndalama ya fizi ndi ya malata, ndipo kubwerera chimanjamanja kumachititsa manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene muli kale m'menemo, dziwani kuti makhoti akonko atsegulako zitseko zina. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti mkazi kapena mwamuna wa nzika amene ali pa viza ya mlendo akhoza kupempha viza ina ali momwemo, osayamba wabwerera kwawo. Koma zimenezi zimathandiza amene masiku ake sanathe. Mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti lomwelo linati kholo lachilendo limene likulera mwana yemwe ndi nzika ya South Africa lisakakamizidwe kusiya ntchito n'kuchoka m'dzikomo chifukwa choti banja latha, bola lipemphe viza yatsopano mwamsanga. N'chifukwa chake mwana akabadwa, mulembetseni masiku 30 asanathe, ndipo dzina lanu ndi la bambo wake zioneke pa setifiketi. Lamulo lawo loletsa nkhanza za m'banja la 1998 limateteza aliyense wochitiridwa nkhanza m'nyumba, ndipo mukhoza kupempha khoti kuti limuletse kukuyandikirani.

Za ukwati wogula, uja woti mumulipira munthu kuti asaine basi, musayerekeze. Ndi mlandu kwa nonse awiri. Komanso m'kaundula mumakhalabe mkazi wake mpaka khoti litathetsa, ndipo amene wakugulitsani siginecha lero, mawa adzabweranso kudzafuna zina. Munthu amene akukulonjezani ulendo, ntchito ndi mwamuna wokonzeka kale, n'kumati ndalama mudzabweza mukafika, muthaweni. Umu ndi mmene kuzembetsa anthu kumayambira, ndipo lamulo lathu la 2015 lolimbana ndi mchitidwewu limalanga ngakhale wolemba anthu ali konkuno kumudzi.

Tisaiwalenso amayi otsala. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja muli akazi amene amuna awo anaimba foni n'kunena kuti akwatira wakonko "chifukwa cha mapepala basi". Kuti atero, bamboyo amayenera kusonyeza kalata yoti alibe banja kwawo, kutanthauza kuti pa pepala inu ndi ana anu kulibe. Lamulo la maukwati la Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa pachikhalidwe mofanana ndi wa ku tchalitchi kapena wa kwa DC. Ulembetseni bambo asananyamuke, sungani umboni wa ankhoswe, ndipo akasiya kutumiza thandizo la ana, khoti la majisitireti lilipo. Mawu oti matchona tinawamva kwa agogo athu aakazi amene anadikira mpaka kukalamba. Ife tisadikire chimodzimodzi.

Kwa boma lathu tili ndi mawu. Mtsikana wa ku Usisya asamachite kugulitsa munda kuti apeze pasipoti ku Mzuzu, chifukwa pasipoti ikavuta anthu amadumpha boda, ndipo wodumpha boda ndiye amagwa m'manja mwa achinyengo. Ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg zikhale ndi njira yodziwika yothandizira mayi amene walandidwa pasipoti kapena akuthawa nkhanza. Ndipo mafumu, aphungu ndi atsogoleri a mipingo ku Nkhata Bay azinena zoona za malamulowa pa misonkhano, m'Chitonga chomveka, ana asanalipire transipota.

Sitikunena kuti musapite. Tikudziwa mmene ntchito ikusowera, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wonyoza mtsikana wofuna kudyetsa abale ake. Koma pitani ndi pasipoti yanuyanu, isungeni nokha, jambulani masamba ake muwatumize kwa m'bale wodalirika, ndipo tsiku lotha masiku lilembeni pamtima. Mukakonda munthu wakonko, konzani mapepala masiku asanathe, ndipo musanasaine chilichonse funsani odziwa malamulo, monga a Lawyers for Human Rights kapena a Scalabrini Centre ku Cape Town. Safunsa anadya phula.

Ngati muli ndi mng'ono wanu, msuweni kapena mnzanu amene akulongedza chikwama mwezi uno, muwerengereni izi asanakwere.