Njinga Pa Mseu Wa Chirundu

Pakutha pa mwezi, ndiponso pa nyengo ya Khrisimasi, alipo amuna ena a nchito mu Harare amene amapalasa njinga kunka kukaona abale ao ku mapulazi a ku Banket, Chinhoyi ndi Karoi. Ena a iwo ndi zidzukulu za macona amene anacokera ku Nyasaland kudzalima fodya. Cifukwa cace ncodziwika: njinga siilipitsa, ndipo imafika pakhomo peni-peni m'komboni kumene basi safika. Koma ulendo umenewu suli monga unaliri kale, ndipo nkoyenera kuti anthu aleke kuupeputsa.

Makolo ao anayenda m'miseu ya mizere iwiri ya tara, imene Boma la Southern Rhodesia linayamba kumanga m'zaka za 1930. Masiku amenewo galimoto zinali kupita imodzi-imodzi, ndipo munthu anali kuimva ikali kutali, napatuka. Lero mseu wa Chirundu ndiwo njira ya malole akulu-akulu ocokera ku Beitbridge kunka ku Zambia ndi ku migodi ya ku Congo. Ulalo wakale wa Otto Beit unatsegulidwa mu 1939, waciwiri mu 2002, ndipo malole amayenda usana ndi usiku.

Lole yothamanga makilomita 80 pa ora imatha mamita 22 pa sekondi imodzi. Ikamadutsa, mphepo yace imayamba yakankhira wa njinga kunja, kenaka nkumkokera m'kati, kumene kuli magudumu a ngolo ya m'mbuyo. Munthu amene wamanga thumba la cimanga pa kaliyala, kapena wakweza mkazi wace ndi mwana kumbuyo, sangathe kuongola njinga msanga. Tsono m'malo ambiri mphepete mwa tara munagumuka, mwakuti gudumu likatsetsereka munthu amagwera mu mseu momwemo. Malole awiri akakumana pamalo potere, danga la njinga palibe. Kuonjeza apo pali utsi wa moto wa m'chire m'miyezi ya August kufikira October, ndi ng'ombe zolowa mu mseu, pakuti mawaya a mapulazi ambiri anaonongeka ciyambire 2000.

Lipoti la World Health Organization la caka ca 2018 linaika Zimbabwe pakati pa maiko oipitsitsa pa ngozi za pa mseu: anthu pafupi-fupi 35 akufa pa caka mwa anthu 100,000 ali onse.

Eni galimoto ena amati njinga ziletsedwe m'miseu yaikulu. Amenewa ndi maganizo a munthu wokhuta. Wosauka alibe njira yina, ndipo mseu ndi wace monganso uli wa mwini lole. Ndalama za pa zipata zolipira, zimene zinayamba kusonkhedwa mu 2009, ziyenera kumanganso mphepete mwa tara motakata, moti njinga nkuyendamo kutali ndi magudumu.

Komabe wopalasa naye ali ndi mlandu wace. Azungu apaulendo ocokera ku Cairo kunka ku Cape Town pa njinga amabvala zisoti zolimba ndi malaya owala, ndipo ambiri amaika kalilole woonera kumbuyo. Munthu wa kuno amanyamuka ndi jekete lakuda, njinga yopanda nyali, mabuleki omanga ndi waya, ndipo mwina wayamba wamwako pang'ono kuti miyendo ilimbe. Nyali ndi cowala ca kumbuyo mtengo wace sufika pa mtengo wa bokosi la maliro.

Coopsa kopambana ndi nthawi yonyamukira. Kucokera ku Harare kufika ku Chinhoyi ndi makilomita ngati 115. Munthu wa katundu woyenda makilomita 15 pa ora afuna maora pafupi-fupi 8. Akaweruka pa Ciweru nthawi ya 1 koloko nanyamuka pomwepo, mdima umampeza m'zitunda za Great Dyke pafupi ndi Mapinga, atatopa, ndipo ngakhale ku Banket asanafike.