Mwana wolakwa asakaphunzirire umbava m'chitokosi

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana, la Child Care, Protection and Justice Act. Lamuloli linatsegula njira yoti mwana wopalamula mlandu wocheperako asadutse m'khoti: mlandu wake upatutsidwe, iye akonze chimene waononga, abwerere kwawo ndi kusukulu. Papita zaka zoposa khumi, koma njirayi ikuoneka bwino papepala kusiyana ndi pa kauntala ya polisi. Ife tikuti boma liipatse anthu ndi ndalama, chifukwa ndi yotsika mtengo kuposa ndende ndipo imateteza mudzi kuposa chitokosi.

Malamulo athu sabisa mawu. Mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu. Kuyambira 2017, pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Akagwidwa, makolo ake adziwitsidwe, asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake ionedwe msanga ndi majisitireti. Mlandu umapatutsidwa pokhapokha mwanayo atavomera kulakwa kwake mosaopsezedwa. Milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwiririra siilowa m'njirayi. Ana otere amaweruzidwa, ndipo angatumizidwe kumalo osinthira khalidwe monga Chilwa ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 14 amene wasolola foni ya mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, n'kuigulitsa motchipa. Njira yoyamba ndi iyi: agona pasimenti ndi anthu akuluakulu, amva mmene amathyolera loko, mlandu ukhala ukuimitsidwa, teremu ya sukulu itha. Mayi uja ataya masiku a malonda akuyendera kukhoti, foni osaiona. Njira yachiwiri: mnyamatayo akhala pansi pamaso pa mayi uja, makolo ake ali pomwepo, mlangizi wa zosamalira anthu akutsogolera. Amva ndi makutu ake kuti m'foni muja munali ndalama ya katundu wa mawa ndi nambala za makasitomala. Apepesa, banja lake ligwirizana zobweza pang'onopang'ono, iye agwira ntchito yothandiza dera Loweruka lililonse, ndipo aphunzitsi atsimikiza kuti akufika m'kalasi. Akaphwanya panganolo, mlandu ubwerera kukhoti.

Ena amati uku n'kusasatitsa akuba. Madandaulo awo tikuwamva, pakuti woberedwa ndiye amadziwa kuwawa kwake, ndipo akaona amene anamubera akuyenda mumsewu mawa lake amaganiza kuti apolisi adya. Maganizo amenewo ndi amene amabala chilango cha gulu chimene chatichititsa manyazi m'misika ndi m'madepoti. Koma kuyang'anana maso ndi munthu amene wamulakwira n'kovuta kwa mwana kuposa kungoima chete m'bokosi la khoti. Komanso njirayi si yachilendo kwa ife. Pabwalo la mfumu mlandu wa mbuzi unkatha ndi chipepeso, akuchimuna ndi akuchikazi a mwanayo atasenza manyazi limodzi naye. Dziko la New Zealand litaika m'malamulo ake misonkhano ya mabanja mu 1989, linatengerako nzeru ku miyambo ya anthu a mtundu wa Maori. South Africa nayo ili ndi lamulo lotere la 2008. Akuluakulu anati kuongola mtengo n'poyamba.

Nanga ndende zathu zingaongole ndani? Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'ndende ndi nkhanza zosayenera munthu. Achinyamata amene ali ku Bvumbwe ku Thyolo ndi kumalo ena otere adzatuluka tsiku lina n'kudzakhala moyandikana nafe. Funso ndi lakuti adzatuluka ataphunzira chiyani.

Zopinga zitatu n'zimene zikulepheretsa lamuloli. Choyamba ndi zaka. Ana ambiri obadwira kumudzi alibe chiphaso cha kubadwa, ndipo mnyamata wamtali wa zaka 16 savuta kulembedwa 19 pa fomu ya polisi. Akangolembedwa choncho, chitetezo chonse cha lamulo chamuthawa. Pamene pali chikaiko, aonedwe ngati mwana mpaka achipatala, sukulu kapena kaundula wa tchalitchi atsimikize.

Chachiwiri ndi alangizi. Kupatutsa mlandu kumadalira munthu wofufuza za mwanayo, kupeza makolo ake ndi kumuyendera akabwerera kwawo. Maofesi a zosamalira anthu m'maboma ali ndi antchito ochepa, ndipo kawirikawiri mafuta a njinga yamoto amasowa. Mabungwe monga PASI, amene alangizi ake a zamalamulo akhala akuyendera ndende kuyambira 2000, athandiza kwambiri, koma ntchito ya boma singamadikire thandizo la akunja chaka ndi chaka. Unduna wa zachuma uike ndalama yakeyake ya ntchitoyi mu bajeti, ndipo aphungu afunse mmene yagwirira ntchito.

Chachitatu ndi wolakwiridwa. Kupatutsa mlandu kumene kwachitika mseri, mwini katundu osaitanidwa, kumangobala mkwiyo. Aitanidwe, alankhule, auzidwe tsiku lolandira chake, ndipo panganolo lilembedwe.

Tikupemphanso aphungu aunikenso zaka 10 zija. Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inalangiza mu 2019 kuti malirewo asatsike pa zaka 14, ndipo dziko lathu linavomereza pangano la ufulu wa ana mu 1991. Mwana wa Sitandade 4 amene waba nkhuku afunika makolo, aphunzitsi ndi a mpingo, osati unyolo.

Kwa akuluakulu a polisi pempho lathu ndi losavuta: polisi iliyonse izilemba ana amene yagwira, amene milandu yawo yapatutsidwa ndi amene apalamulanso, ndipo ziwerengerozo zizitulutsidwa poyera chaka chilichonse. Pamenepo Amalawi adzaweruza okha ngati lamulo la 2010 likugwira ntchito.