Lekani Kunena Kuti Mpando ni Mpando

Ine nimasoka mipando ku Kalingalinga. Masofa, mipando ya minibasi, ya m'mabala, zonse zimapita m'manja mwanga. Mwezi watha kunabwela bambo wina amene ali na kandege ka Cessna 172, kaja ka mipando inayi. Ananionetsa zithunzi pa foni: nsalu yong'ambika, siponji yonyenyeka monga buledi wa dzana. Anati mtengo umene anamuchaja ku Johannesburg unamuumitsa pakamwa. N'nati, "Abwana, iyi ni nchito ya masiku atatu cabe." Iye anafunsa kuti, "Nanga pepala la moto uli nalo?" N'nalibe, ndipo n'nali n'sanalimvepo. Nchito inapita ku Joni.

Anzanga pa shedi anati ni kuba cabe, mpando ni mpando. Tsikulo n'navomeleza. Lelo nikana, cifukwa mau amenewa ndiwo atidyetsa njala.

Mwini ndege yaing'ono ali na njila zitatu. Yoyamba ni kugula zovundikila, nthawi zambili za cikumba ca nkhosa, pa madola mahandiledi angapo. Kumeneko ni kubisa cilonda, siponji yoola ikali mkati. Yaciwili ni kuitanitsa zosokelatu. Makampani monga Airtex ya ku America amasoka nsalu za mipando, kapeti na zomata m'zipupa molingana na mtundu wa ndege yako. Izi zimadya madola masauzande angapo, osaŵelengela mtengo wotumizila na msonkho. Yacitatu ni kupeleka ndege yonse kwa akatswili. Amavula mpando mpaka pa citsulo, kuika siponji yatsopano, cikumba, kapeti na denga. Apa kupyola madola 10,000 si kovuta, ndipo ndege imakhala pansi mawiki angapo osagwila nchito.

Sinthani ndalamazo kukhala makwacha, mudzamvetsa cifukwa cake anzanga amati ni kuba. Koma tiyeni tione zimene munthu amalipila.

Coyamba ni moto. Siponji imene timagula m'tauni ikayaka imasungunuka, n'kutulutsa utsi wakuda wa poizoni. Minibasi ikagwila moto, dalaivala amaima, anthu n'kulumphila pa windo. Kumwamba mulumphila kuti? Mu 1985 ndege ya Boeing 737 inagwila moto ku Manchester isananyamuke n'komwe. Anthu 55 anafa, ambili a iwo cifukwa ca utsi. Ndiye cifukwa cake nsalu ya m'ndege imayesedwa. Pa muyeso wa ndege zikuluzikulu, amapacika kacidutswa n'kukayatsa kunsi kwa masekondi 12. Akacotsa lawi, moto uyenela kuzima wokha pasanathe masekondi 15. Lamulo la tundege tung'onotung'ono n'lofeŵelapo, koma nalonso limafuna nsalu yosagwila moto msanga. Pepala limene bambo uja anafunsa ni umboni wa muyeso umenewu.

Caciwili ni kulema. Ife tikafuna kukondweletsa kasitomala timaunjika siponji. M'ndege kilo iliyonse imaŵelengedwa, ndipo kulema kukasintha kwambili ziyenela kulembedwa. Cacitatu ni citsulo. Mipando ya Cessna imayenda pa tunjanji. Tukadyeka, mpando ungatsetseleke m'mbuyo ndege ikunyamuka, woyendetsa n'kukoka ciwongolelo mosafuna. Wovula mpando ndiye woyamba kuona mng'alu, ndipo injiniya wa laisensi ndiye amasaina m'buku la ndege kuti zonse zili bwino.

N'tabwelela ku shedi n'nadula kasiponji kanga n'kukayatsa na machisi. Kanayaka mpaka kutha, kakudontha moto pansi. N'nacita manyazi, cifukwa n'nali wokonzeka kukhazika anthu anayi pa cinthu cimeneco.

Koma musaganize kuti nikuti ku Joni azipitilizabe kudya okha. Pa zonse n'nachulazi, n'citi cimene mwana wa m'komboni sangaphunzile? Nsalu yoyesedwa imagulidwa pamodzi na satifiketi yake. Sikelo tonse timaidziŵa. Ulusi, patani na makina ni zomwezi nimagwila tsiku lililonse. Cimene tilibe ni mwambo wosunga mapepala: nsalu iyi inacokela kuti, nambala yake ni iti, inalowa m'ndege iti. Ife lisiti timakulungila vitumbuwa.

Ndipo ndege zilipo. Alendo opita ku Mfuwe na ku Lower Zambezi amakwela tundege, alimi ena akuluakulu ali na twao, masukulu ophunzitsa kuulutsa ndege alinso nato. Dzuŵa la mu Okutobala silisiya mpando uliwonse. ZASTI, pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, imaphunzitsa mainjiniya a ndege. Amenewo ni anzathu amene tinakula nao. Cotiletsa n'ciani kugwilizana, iwe usoke, iye ayang'ane na kusaina?

Kwa inu eni ndege nikuti: musatiyese na fumbi la pa shedi. Bweletsani nsalu yanu ya satifiketi, injiniya wanu aimilile, mutipatseko mpando umodzi wa kumbuyo. Mukapeza msoko wokhota, musalipile.

Kwa inu anzanga nikuti: wakutsina khutu ni mnansi. Tikamati mpando ni mpando timadziona ocenjela, koma tikungouza mwini ndalama kuti sitidziŵa cimene cingamuphe. Munthu wotele simungam'patse galimoto yanu, nanji ndege.

Ine nagula faelo ya pulasitiki. Tsamba loyamba n'nalembapo masekondi 12 na 15. Bambo uja akadzabwelanso na funso lake, adzanipeza na yankho m'manja.